Mfumu Kayakaya ndi Lamulo Loletsa Kusankha

Dziko la Tidzaona lili kuseri kwa mapiri a Mawamawa, ndipo likulu lake ndi mzinda wa Dikirani. Anthu a kumeneko ndi opemphera, oleza mtima, ndiponso akatswiri poima pamzere. Pa nthawi ya nkhani yathuyi pampando panali Mfumu Kayakaya Wachitatu, munthu wamtima wabwino, amene chikhalire pampando sanalamulepo kuti munthu amangidwe. Koma sanalamuleponso kuti mlatho umangidwe. Nkhani iliyonse ikafika pamaso pake, ankaimvetsera mpaka kumapeto, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kunena kuti, "Mbali zonse zili ndi mfundo."

Ngakhale m'busa wa kunyumba yachifumu, mfumuyi inalephera kusankha. Panabwera awiri ofuna ntchitoyo, iyo n'kuwalemba onse. Abusa Zidatha, munthu wamtali woyankhula mwapang'onopang'ono, ankaphunzitsa kuti Mulungu adasankhiratu anthu ake mapiri asanamere, mwa chisomo chake basi, osayang'ana ntchito za munthu. Abusa Zilikwanu, wamfupi wotuluka thukuta akamalalikira, ankaphunzitsa kuti Mulungu amaitana aliyense koma sathyola chitseko, pakuti mpiringidzo uli m'kati. Awiriwa ankasinthana Lamulungu. Choncho anthu a ku Dikirani ankati, "Sabata ino tidapulumuka kale. Sabata yamawa tidzayambirenso."

Zaka zinapita, mfumu inakalamba, miyendo inayamba kutupa. Mwambo wa ku Tidzaona umati mpando umapita kwa mwana wa mlongo wake wa mfumu, ndipo mfumuyo iyenera kumutchula ndi pakamwa pake isanatsikire kulichete. Tsoka ilo, mlongo wa mfumu, Anangozo, anabereka mapasa, Yotamu ndi Lameki. Azamba atafunsidwa kuti anayamba kubadwa ndani, anayankha kuti tsiku limenelo iwo anali pa ntchito, osati pa mpikisano.

Mapasawo anakula bwino. Yotamu ankakonza zigayo, Lameki ankaphunzitsa kwaya. Palibe amene anawafunsa maganizo awo, komabe mzinda unagawika pawiri m'dzina lawo. Ofuna Yotamu anayamba kuvala zipewa zamlaza, ofuna Lameki n'kumamanga mipango m'khosi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Okalamba ankaziona izi mtima uli m'mwamba, chifukwa ankakumbukira zimene zinachitika Kayakaya Woyamba atamwalira osatchula dzina. Nkhokwe zinapsa, mabanja anathawira kuphiri, ndipo mpaka lero pali midzi ina imene sikwatirana.

Tsiku lina m'mawa Anangozo analowa kwa mfumu osaodira.

"Achimwene, miyendoyo ndaiona. Tchulani dzina."

"Mlongo wanga, onsewo ndi ana abwino."

"Ndikudziwa, ndinawayamwitsa ndine. Tchulani mmodzi."

"Nanga winayo akakhumudwa?"

"Akakhumudwa adzalira kwa ine, ndidzamutonthoza. Koma mukapita muli chete, lidzalira dziko lonse, ndipo ine ndilibe nsalu yopukutira misozi yochuluka choncho."

Mfumu inaitanitsa bwalo la nduna. Ndunazo zinakambirana nthawi yaitali za mtundu wa mipando imene zidzakhalire pa tsiku lolonga ufumu, kenako zinapempha m'busa kuti aunikire nkhani yeniyeniyo. Sabata imeneyo inali ya Abusa Zidatha.

"Mfumu," anatero Abusa Zidatha, "woumba mbiya safunsa dongo. Mulungu adaziona zonse dziko lisanakhaleko. Amene Iye adamusankha, adamusankha basi, ndipo munthu sangawonjezerepo kapena kuchotsapo."

Nkhope ya mfumu inawala ngati ya mwana amene wauzidwa kuti mphunzitsi wadwala.

"Ndiye kuti wolowa m'malo mwanga adasankhidwa kale?"

"Palibe chimene chimamudzidzimutsa Mulungu, Mfumu."

"Nanga ine ndavutikiranji zaka zonsezi?"

Abusa Zidatha anakweza chala kuti afotokoze kuti iwo amanena za chipulumutso cha mzimu, osati za mpando. Koma nduna zinali zitayamba kale kuwomba m'manja, ndipo ku Tidzaona m'manja mukaombedwa, nkhani yatha.

Masana omwewo wolengeza wa boma anaima pakati pa msika waukulu wa Dikirani n'kufuula kuti: "Tamverani! Popeza zonse zidasankhidwa kale kumwamba, kusankha pansi pano ndi kulanda ntchito ya Mulungu. Kuyambira lero, kusankha kwaletsedwa!"

Anthu anayang'anana. Woyamba kumvetsa phindu la chiphunzitsochi anali Mayi Esinati, ogulitsa tomato pafupi ndi chipata. Wophika wa kunyumba yachifumu atafika pabenchi pawo n'kutambasula dzanja kuti atole tomato wofiira bwino, mayiwo anamumenya kadzanjako.

"Lamulo, bambo." Anamuikira m'jumbo tomato amene anali atagona pabenchipo kuyambira Lolemba.

"Mayi, uyutu ndi wophwanyika. Akuchucha."

"Ameneyo ndi wanu. Adakusankhirani mapiri asanamere."

"Koma onani nkhungu iyi!"

"Musayang'ane ntchito zake, bambo. Ndi chisomo basi."

Chiphunzitsocho chinafalikira msika wonse msanga kuposa chimfine. Wogulitsa nsapato za kaunjika anapatsa mlembi wa khoti nsapato ziwiri zakumanzere, n'kumuuza kuti njira za kumwamba sizimveka msanga. Ogulitsa nsomba anatulutsa mabasiketi amene ankawabisa pansi pa tebulo. Akabaza nawo anazindikira kuti njinga idalembedwa kuti izitsetsereka, choncho aliyense wokwera, kaya amati akupita kuchipatala, kaya kuukwati, ankapezeka ali kumtsinje, kumunsi kwa mzinda. Mtsikana wina amene mnyamata anakhala akumufunsira chaka chonse anapeza yankho laulemu: "Ndikanakulolani, achimwene, koma mukufuna ndimangidwe?"

Tomato uja ndi nsomba ya pansi pa tebulo zinafika m'mbale ya mfumu. Mfumu inadya, pakuti inalibe ufulu wokana, ndipo kwa masiku angapo inalamulira dziko kuchokera m'kachipinda kakang'ono kuseri kwa nyumba. Itapezako bwino inaitana Abusa Zidatha.

"Abusa, zonse ndamva. Tsopano ndiuzeni, adasankhidwayo ndi uti, Yotamu kapena Lameki?"

"Zimenezo ndi zobisika, Mfumu. Ine ndine m'busa, si mlembi wa kumwamba."

"Ndiye tidzadziwa liti?"

"Zikadzachitika."

Mfumu inaona kuti yankholo ndi lanzeru, koma silinaichotsere mlongo wake pakhomo. Kunja nako zinthu zinali zitaipa. A zipewa anali otsimikiza kuti osankhidwa ndi iwo. A mipango anali otsimikiza chimodzimodzi. Ndipo popeza zonse zidalembedwa kale, miyala imene ankagendana nayo inalinso yolembedwa, moti woponya analibe mlandu. Magalasi a khoti anasweka, ndipo mkulu wina wa mpingo anapita kwawo ndi chotupa pamphumi chimene anauzidwa kuti chinkamudikira chibadwire.

Lamulungu linafika, ndipo linali la Abusa Zilikwanu. Bwalo litakhalanso, iwo anavula jekete asanayambe n'komwe.

"Mfumu! Mulungu amaitana, sakoka munthu ndi chingwe ngati mbuzi yopita kumsika. Chikondi chokakamiza ndi chikondi chanji? Iye amaika moyo ndi imfa pamaso pa munthu, n'kunena kuti, mwana wanga, tenga chimene ukufuna. Wolandira amalandira yekha, wokana amakana yekha!"

Nkhope ya mfumu inawalanso.

"Ndiye kuti anyamatawo asankhe okha?"

Abusa Zilikwanu nawo anakweza chala. Mochedwa. M'manja munali mutaombedwa.

Wolengeza anabwereranso kumsika: "Tamverani! Lamulo lija lapuma. Popeza Mulungu sakakamiza munthu, kukakamiza kwaletsedwa. Aliyense achite chimene mtima wake wafuna!" Panali mawu ena otsatira, koma mtima wa wolengezayo unafuna kukaona apongozi ake, ndipo ananyamuka pomwepo.

Ogula anabwerera kumsika ngati anthu ochokera kundende. Anafika pabenchi pa Mayi Esinati, aliyense n'kufinya tomato mmodzimmodzi, kumununkhiza, kumuyang'anitsa padzuwa, n'kuchoka osagula.

"Mwafinya benchi yonse, tengani ngakhale mmodzi!"

"Mayi, mukundikakamiza?"

Mayi Esinati anakhala pansi n'kugwira tsaya. "Abusa aatali aja ndiwo anali ndi Mzimu," anatero. "Aafupiwa angobwera kudzatiphera geni."

Mawa lake ana asukulu anasankha kuti tsiku lonse likhale nthawi yopuma. Alonda a kunyumba yachifumu anatsamiritsa mikondo pakhoma n'kupita kumadimba awo. Woyendetsa galimoto ya mfumu anaitenga kukanyamulira mphesa kwa akazi ake. Wophika uja, pokumbukira zimene anaona, anasankha kusaphikanso.

M'nyumba yachifumu yopanda alonda imeneyo ndi mmene Anangozo anabweretsa ana awo. Yotamu anabwera ndi girisi m'manja, Lameki akung'ung'udza nyimbo.

"Adzukulu anga... pepani, ana a mlongo wanga," inatero mfumu mwachiyembekezo, "mpando ndi uwu. Wofuna atenge."

Anyamatawo anauyang'ana mpandowo monga mmene munthu amayang'anira galu wa eni.

"Amalume, zikomo," anatero Yotamu. "Ine mwa kufuna kwanga ndakana. Chigayo chikafa ndimadziwa pogwira. Dziko likafa ndidzagwira pati?"

"Inenso ndakana, amalume," anatero Lameki. "Anthu ochepa a m'kwaya amalephera kale kuyambira pamodzi. Ndiye dziko lonse?"

Mfumu inatembenukira kwa Abusa Zidatha, amene anakhala pakona. "Abusa, auzeni anawa kuti Mulungu adasankha kale!"

"Zimenezo ndimazikhulupirira ndi mtima wonse, amalume," anatero Yotamu mofulumira. "Adasankha mbale wangayu. Ndani angatsutsane ndi Mulungu?"

"Ayi," anatero Lameki, "ine ndili kumbali ya Abusa Zilikwanu. Wandiitana, ndamva, koma mpiringidzo uli m'kati, ndipo ndatseka."

Mfumu inafuna kunena kuti mbali zonse zili ndi mfundo, koma itaona nkhope ya Anangozo, mawuwo inawameza.

Nkhani ya kukanaku inatuluka panja, ndipo monga zimakhalira ndi nkhani, inafika kumsika itavala zovala zina. A zipewa anamva kuti Yotamu wakana chifukwa a mipango amuopseza. A mipango anamva kuti Lameki wamangidwa m'chigayo. Dzuwa lisanafike paliwombo, magulu awiri anali akulowa mumsika, lina kuchokera kuchipata cha kum'mawa, lina cha kumadzulo. Ulendo uno sananyamule miyala yokha. Panali mipini, zikwanje, ndi zigubu zimene fungo lake silinali la madzi. Azimayi a mumsika anayamba kusonkhanitsa ana awo.

Apa panachitika chinthu chimene anthu a ku Tidzaona anali asanachionepo. Abusa awiri aja analowa kwa mfumu limodzi, phewa ndi phewa.

"Mfumu," anayamba Abusa Zidatha, ndipo kwa nthawi yoyamba anayankhula mothamanga, "ine ndimaphunzitsa za chisomo chopulumutsa wochimwa. Za tomato sindinanenepo. Komanso Mulungu amene adakonza kuti kudzagwe mvula, adakonzanso kuti munthu adzagwire khasu. Ngati adasankha mfumu, adasankhanso pakamwa potulukira dzinalo. Pakamwa pakepo ndi panu."

"Ndipo ufulu umene ndimalalikira ine," anawonjezera Abusa Zilikwanu, "ndi wanunso, Mfumu. Mwaugawira dziko lonse, inu nokha osatengako. Kukhala chete n'kusankhanso. Msikawo ukapsa lero, mudzakhala mwasankha ndinu."

Mfumu inayang'ana wamtali, inayang'ana wamfupi.

"Lero mukugwirizana?"

"Pa ichi chokha," anayankha onse pamodzi, aliyense akuyang'ana kumbali.

Kutali kunkamveka phokoso ngati la njuchi zimene ming'oma yake yagwedezedwa. Mfumu Kayakaya inagwira ndodo, inadzuka pa miyendo yake yotupa, n'kutuluka panja. Galimoto panalibe. Pachipata panali wakabaza mmodzi akudya chimanga chootcha.

"Mfumu, mwasankha kupita kuti?"

"Kumsika."

Wakabazayo anatsamwa. Mpaka lero amafotokozera aliyense wokwera njinga yake kuti mawu oyamba olunjika a Kayakaya Wachitatu anawamva ndi iye, ndipo anali opanda "kapena" m'kati.

Anafika mumsika magulu awiriwo atatsala pang'ono kugundana. Malo okwera panalibe, choncho mfumu inakwezedwa pabenchi ya Mayi Esinati, amene anangoti, "Pondani, Mfumu, anthu anu anamufinya kale yense." Anangozo, ana awo ndi abusa aja anafika wapansi, akupuma mwabefu. Anthu ataona mfumu yawo itaima pakati pa tomato, zikwanje zinatsika zokha, pena chifukwa cha ulemu, pena chifukwa chofuna kuonetsetsa.

"Anthu a ku Tidzaona," inatero mfumu. "Wolowa m'malo mwanga ndi Yotamu."

Mtsogoleri wa a mipango anafuula, "Chifukwa chiyani? Wamuposa chiyani Lameki?"

"Sanamupose chilichonse. Onse ndi ana abwino. Ndamutchula chifukwa ndafuna. Ngati ndalakwa, mlandu wake ukhale pamutu panga, osati pa nkhokwe zanu."

A mipango anayang'ana kwa Lameki, kudikira kuti awapatse chizindikiro choti ayambe. Anamupeza ali m'mwamba. Mnyamatayo ankadumpha, chimwemwe chitadzaza tsaya, ndipo atatera pansi anakweza manja n'kuyambitsa nyimbo yoyamika. N'kovuta kutentha msika m'dzina la munthu amene akukuuza kuti ulowe ndi besi. Ena anayesa kusunga mkwiyo, koma nyimboyo inali yodziwika, ndipo mapazi anawapandukira.

Nyimbo itatha, Mayi Esinati, amene malamulo awiriwa anawasandutsa katswiri wa zaumulungu, anakweza mawu.

"Pepani, Mfumu. Lamulo lachiwiri lija simunalichotse. Kukakamiza n'koletsedwa. Mnyamatayu akakana, tabwerera pomwe paja."

Zinali zoona, ndipo aliyense anadziwa. Manja anabwereranso pamipini. Maso onse anatembenukira kwa Yotamu, amene anaima chilili, girisi akadali m'zikhadabo, nkhope ngati ya munthu woitanidwa kumaliro a iye mwini. Anayang'ana amalume ake ataima pabenchi ndi miyendo yotupa. Anayang'ana amayi obereka ana kumsana amene anabisala kuseri kwa matumba a makala. Anayang'ananso kamsewu kopita kuchigayo, ndipo anakayang'ana nthawi yaitali. Anangozo anasendera n'kuima pambali pake.

Abusa Zilikwanu anapukuta thukuta n'kufunsa mokweza, "Yotamu, pamaso pa Mulungu ndi pa anthu awa, mwa kufuna kwako, ukuvomera?"

Kunali chete moti ukanamva ntchentche ikutera pansomba.

"Eee!" anakuwa Yotamu, mwamphamvu moti anamva ndi a kumtsinje omwe.

Nthungululu zinang'amba msika. Zipewa zinaponyedwa m'mwamba, mipango inasanduka yovinira. Abusa awiri aja anatembenukirana, aliyense chala chili pamphuno pa mnzake, n'kufuula nthawi imodzi, "Mwaona!" Mfumu inatsitsidwa pabenchi ikulira ngati mwana, ndipo isanakwerenso kabaza inachotsa malamulo onse awiri popanda kufunsa nduna.

Kayakaya Wachitatu anakhalabe ndi moyo mpaka anthu atakolola, ndipo anamwalira mtima uli m'malo. Nkhokwe siinapse ngakhale imodzi. Yotamu analongedwa ufumu, ndipo kwaya ya Lameki inaimba pamwambowo, ngakhale inayamba mosiyana.

Abusa awiriwo anapitiriza kusinthana Lamulungu, ndipo tsiku la kumsika lija linasanduka chitsanzo cha onse. Abusa Zidatha ankati, onani, munthu amene ankathawa mpando, chisomo chinamugwira ndipo sanathe kukana. Abusa Zilikwanu ankati, onani, munthu anafunsidwa poyera ndipo anayankha yekha. Atakalamba, mano atatha koma mkangano usanathe, anagwirizana zokafunsa mwini wake.

Anapeza Mfumu Yotamu ili kuseri kwa nyumba yachifumu, itavula mkanjo, ikumasula injini ya chigayo cha mpingo.

"Mfumu, tiweruzeni," anatero Abusa Zidatha. "Tsiku lija, mudasankhidwa kapena mudasankha?"

Mfumu inapukuta manja pakansanza, n'kuganiza pang'ono.

"Abusa Zidatha, kuti Mulungu adandisankha ndimakhulupirira, chifukwa ine ndekha sindikanadzisankha, ndipo palibe chimene ndidamuposa mbale wanga. Abusa Zilikwanu, kuti ndidavomera ndekha n'zoonanso, chifukwa m'mawa mwake njira yothawira inali yotsegula, ndinaiyang'ana, koma sindinapite. Ndipo m'mawa uliwonse ndimaiyang'anabe."

"Nanga 'Eee' uja?" anafunsa Abusa Zilikwanu. "Tonse tinamumva."

Mfumu inasuzumira uku ndi uku, kuona ngati Anangozo ali pafupi, kenako inatsitsa mawu.

"Ameneyo, abusa, sanachokere kumwamba, sanachokerenso mumtima. Anachokera kuphazi. Amayi anavala nsapato za gogoda tsiku limenelo, ndipo ine ndinali ndi patapata."